Makwerero a Bulugamu

Ndine ndinagwira makwerero.
Ndinene ndekha, asananene ena.

Linali Lachisanu, mwezi wa Juni,
phiri la Dedza litafunda nkhungu mpaka m'khosi,
mame ali mbuu pa kapinga
amene tinameta dzulo lake ngati mutu wa mwana wasukulu.
Manijala wa loji anatuluka ndi kapu ya tiyi:
"Mawa kuli ukwati.
Nthambi ya jakaranda iyo ikutchinga pojambulira.
Isagone."

Lufeyo Ndau sanayankhe.
Analavulira m'manja, nasomeka chikwanje m'lamba kumsana,
navula magambutsi poti amaterera.
Zala za kumapazi, ankatero, zili ndi maso.

Makwerero athu: mabulugamu awiri,
timitengo topingasa ta misomali ya dzimbiri,
kachisanu ndi chimodzi komanga ndi linya.
Tinanena chaka chatha. Tinanenanso pa Isitala.
Anati bajeti.

Anakwera. Ndinagwira.
Phazi lake lililonse linkatsika m'mitengo
kudzafika m'zikhato zanga.
Chikwanje kho, kho,
tizibenthu tikundigwera m'kolala.

Kenako paipi inasomphoka pa mpopi,
madzi n'kuyamba kukwapula marozi
amene tinawalera miyezi itatu ndi manyowa a nkhuku.
Mawu kuchokera pakhonde: "Iwe! Madziwo!"
Dzina langa ndine Wadisoni, koma ndimavomera Iwe.
Ndinasiya dzanja limodzi.
Limodzi lokha.

Munthu akamagwa sakuwa.
Linya linati phwi,
kenako chete waufupi ngati kuphethira,
kenako khu!
pa njerwa zomwe tinazika tokha m'mbali mwa maluwa,
mano m'mwamba, kuti pakongole.

Tinamunyamula pa wilibala.
Namwino wa chipatala cha boma anatikalipira:
wovulala msana sanyamulidwa ngati thumba la makala,
mukanamugoneka pa chitseko, mukanamugwira khosi.
Anatiuza ndani?
Anatiphunzitsa kudulira mpanda motsata chingwe,
kuthirira kusanache,
kulonjera alendo chipewa chili m'manja.
Za msana ayi.

Ukwati unachitika.
Ndinauonera kuseri kwa mpanda.
Mkwatibwi anaima pomwepo, dzuwa likumufika bwino tsopano.
Akuti zithunzi zinatuluka zokongola.

Lufeyo ali kwawo ku Bembeke,
pa mphasa, pafupi ndi khomo kuti aziona kunja.
Anamupatsa malipiro a mwezi umodzi
ndi bulangete la loji lomwe linapsa ndi simbi.
Kalata ya ntchito analibe. Tonse tilibe.
Enifa amamutembenuza katatu usiku,
kukacha uyo kumsewu ndi ndowa ya kachewere.

Ndikapita Lamulungu amandifunsa za marozi,
ngati nsabwe zabwereranso,
ngati mpanda wa kumpoto ndaudulira.
Za dzanja langa safunsa.
Mwina sanaone; anali kuyang'ana kumwamba.
Ine ndimalikhalira dzanjalo mpaka lichite dzanzi,
n'kumayankha za maluwa.

Patatha milungu iwiri kunabwera makwerero achitsulo, owala,
chipewa cholimba chachikasu,
ndi lamba wa zingwe amene palibe akudziwa kamangidwe kake.
Zili m'sitolo. Kiyi ali m'thumba la manijala.
Zimatuluka kukamabwera a ofesi ya zantchito,
ngati mbale za alendo.

Dzulo anandilozera mkungudza wa pageti,
wayamba kuwerama pa denga la mlonda.
Anandipatsa mnyamata watsopano wa ku Linthipe kuti andigwirire.
Ndinamuyang'ana m'manja: osalala, opanda matuza.
Ndinati, "Kiyi wa sitolo kaye, bwana."
Mawu ananjenjemera, koma anatuluka.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, tiyi akuzizira.

Kwa mnyamatayo ndinati:
paipi isomphoke,
marozi amire,
akuitane Iwe mpaka asase mawu,
ngakhale loji ipse,
manja awiri.
Wamva?
Awiri.